Mnzanga wa Diné wateteza PhD: ndalama ndi aphungu, chimamalizitsa sukulu nchiti?

NaPhiri wa Madzi:
Abale mwaswera bwanji konseko? Kuno kwangocha kumene, ndiye mundikhululukire ndikamalemba ngati munthu wa tulo. Dzulo ndinali kukaonerera mnzanga wa mu labu mwathu akuteteza kafukufuku wake wa PhD. Wakhoza. Ndi mtsikana wa mtundu wa Diné, awa amene ambiri amawadziwa kuti Navajo, eni nthaka a kuno ku Amereka. Asanayambe za miyala ndi madzi a pansi pa nthaka, anayamba wadzitchula kaye m'chinenero chawo: pfuko la amayi ake, la abambo ake, la agogo aamuna akuchikazi, la agogo aamuna akuchimuna. Onse anayi, mapulofesa ali duu kudikira. Agogo ake aakazi anali pampando wakutsogolo atafunda shawelo yawo. Ine ndinangozindikira misozi yalengeza.

Koma chandilembetsa pano ndi zimene ananena pothokoza. Anati kawiri konse analongedza katundu kuti azipita kwawo osabweranso, ndipo maulendo onse awiri ndalama anali nazo m'thumba. Chinamubweza ndi anthu: mayi wina wa ofesi yoyang'anira ophunzira a mitundu yawo, ndi kagulu ka anzake amene amakumana kudya limodzi mwezi ndi mwezi. Ndiye ndakhala ndikudzifunsa, ife pagulu pano tikamakamba za sikolashipu timangofunsa kuti "amapereka zingati?" Kodi funso ndi lokhalo?

Mwana wa Agogo:
Achemwali, sikolashipu yake dzina lake ndi chiyani? Link ilipo? Ine ndamaliza digiri ya chemistry chaka chatha, ndangokhala pakhomo.

Wa ku Chipata:
Kkkk ameneyu sanamve nkomwe nkhani, wangomva fungo la ndiwo.

NaPhiri wa Madzi:
Mng'ono wanga pepa, imeneyi si yathu. Imatchedwa Sloan Indigenous Graduate Partnership. Ndalama zake zimachokera ku bungwe la Alfred P. Sloan Foundation, lomwe adaliyambitsa mu 1934 mkulu wina amene ankatsogolera kampani ya General Motors. Pologalamuyi idayambira pa University of Arizona mu 2003, kenaka idafalikira ku Alaska, ku mayunivesite a ku Montana, ku Purdue ndi kwina. Ndi ya nzika za Amereka zochokera m'mitundu ya eni nthaka, za masitazi ndi PhD mu sayansi ndi uinjiniya. Ife alendo sitilowamo. Koma usachoke, za iwe tikambanso.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi NaPhiri, zikomo potibweretsera nkhaniyi. Ndifunse ngati munthu wakale. Anthu amenewa ndi aja tinkawaona m'mafilimu a akauboyi atavala nthenga kumutu, amene tinkawatcha Amwenye ofiira? Ine ndinkayesa adatha.

NaPhiri wa Madzi:
Ndi omwewo bambo, koma dzina limenelo salifuna, ndipo alibe ubale ndi Amwenye a mashopu a ku Limbe. Chisokonezocho adachiyambitsa Columbus poganiza kuti wafika ku India. Sadathe ayi. Mitundu yovomerezeka ndi boma la Amereka ilipo yoposa 570, uliwonse ndi boma lakelake. Dziko la a Navajo lokha ndi lalikulu kuposa theka la Malawi, lili ndi pulezidenti wake, makhothi ake, apolisi ake. Ndipo a Diné amatsata kuchikazi ngati ife Achewa, mwana ndi wa pfuko la mayi. Tsiku lomwe tidazindikira zimenezi ine ndi mnzangayo tidaiwala zoyeza madzi, tidangocheza za amalume mpaka madzulo.

Injiniya wa pa Kanengo:
Ine ndiyankhule zosakoma, mundida lero. Imeneyi si quota yomwe ija tidalimbana nayo kuno mpaka adaithetsa mu 2020? Kusankha munthu poyang'ana komwe adachokera. Mlatho sudziwa pfuko la amene adaujambula. Akalakwitsa masamu ugwa basi, kaya agogo ake adalandidwa malo kaya ayi. Munthu wanzeru apikisane ndi anzake pa ndalama zomwe zilipo za aliyense. Komanso Amereka ndi dziko lolemera, mwana wobadwira kumeneko angadandaule chiyani poyerekeza ndi Mwana wa Agogo apayu amene wangokhala ndi digiri yake?

Nesi wa ku Leeds:
Ayamba a Injiniya. Ndikatenge mbatata yanga ndidzamvere bwino.

Dokotala wa Nthaka:
A Injiniya, funso lanu ndi labwino ndipo kumeneko nakonso amakangana nalo. Ine ndidakhalako zaka zisanu ndikuchita PhD ya za nthaka ndisanabwerere kumudzi kuno, ndiye ndiyankheko zomwe ndikudziwa.

Quota yathu inkagawa malo a ku yunivesite. Wina akalowa, wina watsala. Ya Sloan sigawa malo. Wophunzira amayamba walandiridwa kaye ndi dipatimenti monga wina aliyense, mayeso ake ndi omwewo, komiti yomuyesa ndi yomweyo. Ndalama za Sloan zimangobwera pamwamba pa zimene akulandira kale, kuti agulire mabuku, apite ku misonkhano ya akatswiri, adzithandize miyezi ya tchuthi pamene malipiro a uphunzitsi wothandizira amaima. Mlatho wanu uja palibe akuufewetsera masamu.

Ndiye pali mbiri, ndipo apa ndi pamene ambiri sadziwa. Mu 1862 boma la Amereka lidakhazikitsa lamulo la Morrill Act, lopereka malo ku zigawo kuti zigulitse ndi kumangira makoleji a ulimi ndi uinjiniya. Malowo anali a yani? Atolankhani a High Country News adafufuza mu 2020 ndipo adapeza maekala pafupifupi 11 miliyoni otengedwa kwa mitundu pafupifupi 250. Cornell, Purdue, University of California, onsewa adapindula nawo. Ndiye mwana wa mtundu umenewo akamalowa pa geti ya sukulu yotere ndi kangachepe m'manja, ine sindiona ngati akupatsidwa mphatso. Fizi adalipira kalekale makolo ake.

Ngakhale lamulo lawo limasiyanitsa. Mu June 2023 khothi lalikulu lidaletsa kuyang'ana khungu la munthu pomusankhira malo a ku yunivesite. Koma pali chigamulo china cha 1974, mlandu wa Morton v. Mancari, chimene chidati kukhala nzika ya mtundu wovomerezeka ndi nkhani ya ubale wa boma ndi boma, si ya khungu. Yambiri mwa mitunduyi idasaina mapangano ndi Amereka ngati maiko. Nchifukwa chake University of California idayamba mu 2022 kuchotsera fizi ophunzira a m'chigawomo amene ali m'kaundula wa mitundu yovomerezeka. Chigawo cha Michigan chidayamba zotere mu 1976.

Injiniya wa pa Kanengo:
A Dokotala mwandiphunzitsa za malo, sindimadziwa. Koma mwadzitchera nokha msampha. Mwati "ali m'kaundula wa mitundu yovomerezeka". Nanga amene mtundu wake boma silidauvomereze? Nanga mwana wa loya wokulira m'tauni amene dzina lake lili m'kaundula, ndi mwana wa kumudzi amene mulibe? Kulikonse komwe kuli kaundula, kuli wolemba kaundulayo. Ife za makuponi a fetereza tikuzidziwa.

Dokotala wa Nthaka:
Apo mwandigwira, sinditsutsa. Ilipo mitundu, makamaka ku California komweko, imene boma lalikulu silidaivomereze, ndipo ana ake adatsala kunja kwa ndondomeko ija. Alipo ndi anthu abodza, mpaka mapulofesa, amene adadzitcha eni nthaka kuti apeze ntchito, nkudzaululika pambuyo. Ndi bala lomwe eni akewo amalikamba mokwiya kuposa inu. Chokhacho ndingati, mbava zikaba makuponi sitinena kuti fetereza ngwosafunika.

NaPhiri wa Madzi:
A Injiniya, za kulemera kwa Amereka zija ndikuyankheni ine chifukwa ndidapitako kwawo kwa mnzangayu. Tidayenda msewu wafumbi wa mabampu ngati tikupita kwa agogo anga. Nyumba ya agogo ake ilibe mpopi. Madzi amakatunga pa galimoto m'migolo, ulendo wautali ndithu. Kumeneko pafupifupi nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse ilibe madzi a m'mipopi. Ndipo zitsime zina zapafupi sangamwe. Kuyambira 1944 mpaka 1986 makampani adakumba miyala ya yureniyamu matani pafupifupi 30 miliyoni m'dziko lawo, nkusiya migodi yoposa 500 yosakwirira bwino. Mu July 1979 damu la zinyalala za mgodi lidaphulika ku Church Rock, madzi apoizoni nkusefukira mu mtsinje wa Puerco momwe ziweto zimamwa. Kafukufuku wa mnzangayu ndi wa madzi a m'zitsime zoterezi. Sadasankhe mutu m'buku, adautenga pakhomo.

Ndipo chiwerengero chikuuzeni chokha. Amereka imatulutsa ma PhD oposa 50,000 pa chaka. Mwa amenewa, olembedwa kuti ndi American Indian kapena Alaska Native sakwana 200, maphunziro onse kuphatikiza. Ukagawa ku physics, ku uinjiniya, ku masamu, umatsala ndi anthu owerengeka pa zala.

Wa ku Chipata:
Yureniyamu mwatchulayo ndakumbuka Kayelekera ku Karonga. Mgodi uja adautsegula 2009, nkuuimitsa 2014. Funso langa kwa inu a ku Malawi: ana a m'midzi yozungulira pamenepo amene adaphunzira mpaka kutha kuyeza okha madzi a m'mitsinje yawo, mudawakonzekeretsa? Ife kwathu ku Zambia, ku Kabwe, mtovu uli m'dothi, ana akudwala nawo, ndiye sindikunyoza, ndikufunsa ngati m'bale.

Injiniya wa pa Kanengo:
Limenelo ndi funso lenileni. Apa ndiye tayamba kumvana.

Mphunzitsi Wopuma:
Ana anga, ndibwerere pa zimene mayi NaPhiri adayamba nazo, chifukwa mwathamangira ku ndalama ndi malamulo. Anati mtsikanayo analongedza katundu kawiri ndalama ali nazo. Ine ndaphunzitsa zaka 34 ndipo zimenezi ndaziona. Mwana wa kumudzi ukamupezera fizi ya ku sekondale yogonera, umayesa wamaliza. Temu yachiwiri umamupeza ali kumunda. Ukafunsa, sanalephere mayeso. Anzake ankamuseka kayankhulidwe, analibe womuuza kuti zimenezi zimatha, ndipo kunyumba kudagwa maliro iye osapita, mtima nkumamuweruza.

Makolo athu sankatumiza mwana ku chinamwali yekha. Ankamupezera phungu. Namkungwi ndi wophunzitsa onse, koma phungu ndi wa mwana mmodzi. Amakhala naye pafupi, amamubwerezera zimene sanamve, amamudzudzula kumbali, akalakwa amayankhira ndi iyeyo. Masiku ano mawu akuti phungu tidawapereka kwa a ku nyumba ya malamulo amene timawaona kamodzi pa zaka zisanu. Ndiye ndifunse mayi NaPhiri, ku sukulu zapamwambazo namkungwi ndikumuona, ndi supavaiza. Phungu ndi ndani?

NaPhiri wa Madzi:
Bambo mwanena zimene ndimalephera kuzitchula. Ndi zomwezo ndendende. Supavaiza ndi bwana wako. Ndalama za kafukufuku ndi zake, siginecha yomalizira ndi yake. Sungapite kwa iye kukanena kuti "ndikuona ngati ndine mbuli, ndikufuna kusiya." Ndiye mapologalamu amenewa amaika munthu wina pambali, woti alibe mphamvu pa magiredi ako, komanso amaonetsetsa kuti ophunzira asabwere mmodzimmodzi koma kagulu.

Ndikupatseni chitsanzo cha mnzangayu. Chaka chachiwiri amalume ake adamwalira, ndipo pamwambo wawo pali masiku amene banja limasunga. Nthawi yomweyo kunali mayeso aakulu aja oti ukalephera PhD yathera pomwepo. Mphunzitsi wina adamuuza kuti malamulo a sukulu amalola tchuthi cha maliro a kholo kapena m'bale wa bere limodzi, amalume sawerengedwa. Tangoganizani kumuuza Mchewa kuti amalume ako si kanthu! Iye sadatsutse, kwawo mwana sakangana ndi wamkulu maso ndi maso. Adangolongedza. Mayi wa ofesi uja ndi amene adanyamuka kukakhala pansi ndi dipatimenti, kuwafotokozera kuti malume ndi ndani pa mtundu wotsata kuchikazi, mayeso nkusunthidwa milungu itatu. Ndalama ya petulo yopitira ku maliro idachokera mu sikolashipu. Ndiye onani, ndalama idagwira ntchito, koma ikadakhala yokha bwenzi itangomufikitsa kwawo osamubweza.

Nesi wa ku Leeds:
Iiii koma zimenezi zandikhudza. Ine azakhali amene adandilera atamwalira, kuntchito adandifunsa kuti "ndi mayi ako enieni?" Ndidangoti eya. Sindidaname, kwathu ndi mayi anga.

Dokotala wa Nthaka:
Pali china pa uphungu chimene sichikambidwa. Pulofesa wa mtundu wa eni nthaka nthawi zambiri amakhala yekha pa koleji yonse. Ndiye wophunzira aliyense wa mitundu yawo, kaya ndi wa dipatimenti ina, amagogoda pa chitseko chake. Komiti iliyonse yofuna kuoneka bwino imamuitana. Tsiku lokweza anthu pantchito likafika, amawerenga mapepala amene wasindikiza ndi ndalama za kafukufuku zimene wabweretsa. Maola amene adathera kutonthoza ana a eni sawerengedwa paliponse. Phungu amapsa, ena amachoka. Nchifukwa chake mabungwe ngati AISES, la American Indian Science and Engineering Society lomwe lidayamba 1977, ndi SACNAS, lina la asayansi a mitundu ya eni nthaka ndi a Latino, la 1973, ndi ofunika. Pa msonkhano wawo wa pachaka mwana amene pasukulu pake ali yekha amalowa mu holo nkupeza anzake zikwi, ndi akuluakulu amene adadutsa njira yomweyo. Katundu amagawana.

Ndipo a ku Alaska adaona kuti kudikira munthu afike pa masitazi ndi kuchedwa. Pologalamu yawo ya ANSEP, yomwe idayamba 1995 pa University of Alaska Anchorage, imatsikira mpaka kwa ana a zaka za m'ma 12. Amawaitana ku yunivesite, aliyense amalumikiza yekha kompyuta, ndipo imakhala yake ngati alonjeza kumaliza algebra asanalowe sekondale yapamwamba. Adazindikira kuti injiniya amatayika pa masamu a ubwana, osati pa digiri.

Mphunzitsi Wopuma:
Kuwongola mtengo mpoyamba. A ku Alaska amenewo ndikadakhala nawo pafupi ndikadawagulira thobwa.

Injiniya wa pa Kanengo:
Chabwino, za phungu ndavomera. Inenso ndikadapanda mkulu wina amene adandigwira dzanja chaka changa choyamba pantchito, bwenzi pano ndikugulitsa ma spare. Koma chimodzi chikundivutabe. Mukuti kafukufuku azichokera pakhomo. Sayansi ndi sayansi. Bwanji munthu wina aliyense wodziwa ntchito asapite kukayeza zitsimezo? Chifukwa chiyani mpaka akhale mwana wa komweko? Mwana wa Navajo akafuna kuphunzira za nyenyezi kapena ma roboti, mumukakamiza zitsime?

NaPhiri wa Madzi:
Ayi, palibe akukakamiza. Mary Golda Ross wa mtundu wa Cherokee anali injiniya ku kampani ya Lockheed, ankagwira za ndege ndi maroketi. John Herrington wa Chickasaw adapita mumlengalenga mu 2002. Fred Begay, wa Navajo, adachita PhD ya physics nkukagwira ntchito ku labu ya boma ya ku Los Alamos. Aliyense ndi njira yake.

Koma pa funso loti bwanji mlendo asangopita kukayeza, mverani iyi. A Havasupai ndi kamtundu kakang'ono kokhala pansi m'chigwa cha Grand Canyon. Kuyambira 1990 ofufuza a Arizona State University adawatenga magazi, anthuwo akudziwa kuti ndi za matenda a shuga amene ankawasautsa. Magaziwo adakagwiritsidwanso ntchito pofufuza za misala, za kukwatirana pachibale, ndi za komwe mtunduwo udachokera, zotsutsana ndi mbiri yomwe iwo amakhulupirira. Zidaululika mu 2003 pamene mayi wina wa mtunduwo adakhala nawo pomwe zotsatira zinkafotokozedwa pa yunivesitepo, nkufunsa ngati adapempha chilolezo. Mlandu udatha mu 2010: yunivesite idalipira madola 700,000 ndi kubweza magazi otsalawo, anthu nkukawatenga ndi mwambo ngati akutenga abale awo. A Navajo nawo adaletsa kafukufuku wa majini m'dziko lawo mu 2002. Ndiye mlendo akabwera ndi mabotolo ake, chitseko sichitseguka msanga.

Yerekezani ndi 2015, pamene madzi oipa a mgodi wa Gold King ku Colorado, magaloni 3 miliyoni, adatayikira mu mtsinje wa Animas mpaka kufika mu San Juan womwe alimi a Navajo amathirira mbewu. Mmodzi mwa amene adatsogolera kuyeza madzi, dothi ndi thanzi la anthu anali Karletta Chief, pulofesa wa za madzi pa University of Arizona, iyenso m'Diné. Amatha kuima pamsonkhano wa m'mudzi nkufotokoza zotsatira m'chinenero cha agogo aja. Makina oyezera ndi omwewo, a Injiniya, koma amene akuloledwa kutunga madziwo ndi kukhulupiriridwa akabweretsa yankho si aliyense.

Nesi wa ku Leeds:
Za magazi musatiuze ife. 2017 ija ya anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe anthu adafa, azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi. Anthu a m'tauni tinkangoti umbuli. Koma ndikaganiza, ndi kangati munthu wa kumudzi watengedwa magazi ndi anthu a galimoto zoyera osadzamvanso kuti adapeza chiyani? Mphekesera imamera pamene palibe wobwera kudzafotokoza.

Wa ku Chipata:
Asisi mwalasa. Koma tisasocheretse nkhani, a admin atithamangitsa.

Mlembi wa Gulu:
Ndikuwerenga mwakachetechete. Pitirizani, bola musatukwanane. Ndipo amene watumiza malonda a nsapato pakati pa nkhaniyi ndachotsa, kachiwiri ndikutulutsani.

Injiniya wa pa Kanengo:
Ya Havasupai yandikhalitsa chete. Komabe ndisanagonje: akamaliza ma PhD amenewa amabwerera kwawo? Kapena zili ngati ife, timaphunzitsa madokotala nkukathera ku Manchester? Pepani asisi a ku Leeds.

Nesi wa ku Leeds:
Ndakumvani. Mukadzadwala ndidzakubayani jakisoni wopweteka.

NaPhiri wa Madzi:
Kkkk. Vuto ndi lomwelo a Injiniya, kwawo ntchito za munthu wa PhD ndi zochepa. Ena amapita ku makampani ndi ku malabu a boma, nkumathandiza kwawo ali kutali. Koma ali ndi kolowera komwe adadzimangira okha. Mu 1968 a Navajo adatsegula koleji yoyamba yoyendetsedwa ndi mtundu, yomwe lero ndi Diné College. Pano makoleji a mitundu alipo oposa 30, ndipo mu 1994 boma lidawaika m'gulu la makoleji a land-grant, omwe aja a Dokotala anakamba. Navajo Technical University ku Crownpoint imaphunzitsa uinjiniya komweko kumudzi. Mnzangayu akufuna kukaphunzitsa ku koleji yotere. Malipiro ndi ochepa poyerekeza ndi zimene kampani ya migodi ingamupatse, ndipo iye akudziwa. Akuti akufuna mwana wotsatira asadzayende mtunda wonse uja kuti aone munthu wofanana naye atavala chovala cha mu labu.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi zokoma. Alipo amene adayamba naye limodzi koma sadamalize, phungu analipo, ndalama zinalipo. Wina adabwerera kukasamala mayi ake odwala ndipo sadabwerenso. Komanso ndalama zambiri zotere ndi za mabungwe ongofuna kwabwino kapena za boma, mphepo ya ndale ikasintha zimatha kuuma.

Mwana wa Agogo:
Ine ndakhala ndikuwerenga zonse. Poyamba ndimangofuna link, pano ndili ndi manyazi. Koma ndinene zoona. Pamene ndinali ku koleji palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene adandiuza kuti PhD ya sayansi ku Amereka nthawi zambiri salipira wophunzira, amachita kukulipira iweyo. Ndazimva chaka chino. Kwathu ndine woyamba kufika ku yunivesite, ndikafunsa ndani? Anzanga a makolo ophunzira ankadziwa kale zolembera mapulofesa ali chaka chachitatu.

Dokotala wa Nthaka:
Mwana wanga usachite manyazi, manyazi ndi athu aphunzitsi. Ndi zoona, m'madipatimenti ambiri a sayansi ndi uinjiniya kumeneko wophunzira wa PhD amachotseredwa fizi ndipo amalandira kangachepe pamwezi, posinthana ndi kuphunzitsa makalasi ang'onoang'ono kapena kugwira kafukufuku wa pulofesa. Zimenezo ndi zotsegukira ngakhale ife alendo. Sikolashipu zina zikuluzikulu ngati ya National Science Foundation, ya madola 37,000 pachaka kwa zaka zitatu, ndi za nzika ndi okhazikika okha, usataye nthawi. Chimene ukusowa iwe ndi munthu wokuwerengera kalata yako yofunsira malo ndi kukuuza kuti apa wadzichepetsa mopitirira. Ife Amalawi timalemba ngati tikupepesa. Mnzake wa NaPhiri naye ndikhulupirira adavutika ndi zomwezo.

NaPhiri wa Madzi:
Kwambiri! Akuti kwawo kudzitama ndi mwano, ndiye kalata yake yoyamba idali yonse "tidachita, tidapeza". Phungu wake adamubwezera katatu kuti alembe chimene iyeyo adachita ndi manja ake. Ine ndidaseka chifukwa yanga idayamba ndi kuthokoza Mulungu ndi makolo ndime yathunthu.

Mphunzitsi Wopuma:
Pamenepo simudalakwe mayi, mudangolakwitsa adiresi. Koma ndifunse za agogo aja a shawelo. Anamva chilichonse pa zimene mdzukulu wawo amafotokoza?

NaPhiri wa Madzi:
Chingerezi amamva pang'ono. Koma kumapeto mnzangayu anatembenuka nkufotokoza mwachidule m'chinenero chawo, zitsime ziti ndi zabwino kumwa, ziti ndi za ziweto zokha, ziti azitalikire. Agogo anafunsa funso limodzi, iye anayankha, kenaka anatimasulira kuti amafunsa za chitsime china chimene sanachiyeze. Holo yonse inaseka, komiti inali itamaliza mafunso koma agogo anapeza pomwe panatsala.

Madzulo anatiphikira nyama ya nkhosa ndi phala la chimanga chabuluu. Ndipo tamverani izi: m'phalamo amathiramo phulusa la mtengo wa juniper. Ndinafuula kuti chidulo! Anandiuza kuti wophunzira wina wa Diné pa Northern Arizona University adatenga phulusa limeneli kukaliyeza mu labu pa masitazi yake, nkupeza kuti lili ndi calcium wambiri, wolimbitsa mafupa, kwa anthu amene ambiri mkaka suwayanja.

Mwana wa Agogo:
Dikirani kaye. Agogo anga amachezera chidulo cha zitsononkho, nthawi zina cha makoko a nthochi kapena mapesi a nyemba, ndipo amati chilichonse chili ndi ndiwo yake, cha thelele si cha chigwada. Ine ndi chemistry yanga yonseyi sindidaganizepo zofunsa kuti kusiyana kwake kuli pati. Potaziyamu? Mphamvu ya soda? Nanga mavitamini a m'masamba chimawatani?

Dokotala wa Nthaka:
Mafunso atatu amenewo uwalembe pa pepala usanagone. Kenaka ufufuze zimene ena adalemba kale pa chidulo, uwerenge, uone pomwe adalekezera. Undipeze ku inbox Loweruka m'mawa ndi tsamba limodzi, osapitirira. Ndipo ukawafunse agogo mitundu yonse ya phulusa imene amaidziwa, ulembe m'mawu awo omwewo, dzina lawo lidzakhale pa pepalalo.

Injiniya wa pa Kanengo:
Ukafuna pH meter ndili nayo ku ofesi imangogona m'kabati. Koma ubweze, ndikukudziwani ana a chemistry.

Mwana wa Agogo:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Agogo ali kumunda, akabwera ndiyamba ndi cha zitsononkho.